Musafunse mtengo wokha, funsaninso muyeso

Mayi wina wa kwa M'baluku kuno ku Mangochi wandilembera kuti amazungulira msika wonse wa pa Boma kufunsa mitengo, koma ndalama ya pakhomo imathabe mwezi usanafike pa 20. Akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa amayi ambiri amanenedwa kuti ndi osakaza pomwe akuyesetsa. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimenezo simunachite ndinu. Koma pali pena pomwe ndalama imadontha, ndipo ndi pamuyeso.

Titenge mafuta ophikira, mitengoyi ikhale yongoyerekeza. Botolo la malita 2 likakhala K12,000, ndiye kuti lita imodzi ndi K6,000. Katchubu ka paokala ka K500 kamaoneka kotchipa, koma ngati muli mamililita 50, pafunika timatchubu 20 kuti lita ikwane, yomwe ndi K10,000. Mafuta omwewo. N'chimodzimodzi ufa wa wokumani, shuga woyeza pasupuni ndi sopo wodula. Wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira kwambiri, ndipo ine ndimati kumeneku n'kulanga munthu chifukwa cha umphawi wake.

Pachimanga ndiye pali chinyengo chenicheni. Zigoba za 5 lita sizifanana. China anachiphwanya pansi kuti chilowe m'kati, china anachidula kukamwa, ndipo wogulitsa wina amadzaza mosefukira pomwe mnzake amasalaza ndi dzanja. Mukangomva mtengo n'kuthamangira wotsikawo, mwagula chochepa. Pitani ndi chigoba chanu cha kunyumba, muyezere momwemo paliponse. Wokana, musiyeni. Thumba lonenedwa kuti ndi la makilogalamu 50 likwere pasikelo inu mukuona. Lumaninso njere: chimanga chosauma bwino chimalemera ndi madzi, kenako chimachita chuku. Nthawi yogula ndi Meyi ndi Juni anthu atangokolola, osati Januwale. Koma chosathira mankhwala kapena chosaikidwa m'matumba osalowa mpweya a PICS anankafumbwe amachimaliza, phindu lonse n'kuthera mu fumbi.

Ndipatuke pang'ono pa nsomba, poti kuno ndiye ndiwo zathu. Usipa amaupha usiku ndi nyali, choncho mwezi ukamawala kwambiri umaphedwa wochepa ndipo mulu umachepa ngakhale mtengo usasinthe. Mwera ukamawomba mu Juni ndi Julaye asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, zotsatira zake n'zomwezo. Gulani wouma wambiri mdima ukakhalapo, wa pachigoba osati wa pamulu, ndipo muuthyole kaye: wouma bwino umathyoka, wonyowa umapindika ndipo sukhalitsa ndi kutentha kwa kuno. Anthu amati kugombe n'kotchipa. N'zoona, koma ngati mwakwera galimoto mpaka ku Makawa kukagula usipa wa masiku awiri, mwangodyetsa kondakitala. Kabaza nayenso ndi mtengo wa katundu. Muwerengereni, limodzi ndi ndalama yomwe amadula mukamatapa pa Airtel Money kapena Mpamba.

Za basela musakopeke nazo. Tomato mmodzi woonjezera sabweza kanthu ngati mulu unali wa tomato anayi pomwe pabenchi lina ndi asanu ndi mmodzi.

Chochita mwezi uno

Pezani kope. Lembani zinthu zomwe simungakhale opanda: ufa, mafuta, shuga, mchere, sopo, nyemba, makala. Pa chilichonse lembani malo atatu, okala ya pafupi, msika ndi sitolo yopikulitsa, ndipo mtengo muugawe kuti mupeze wa kilogalamu kapena lita imodzi. Zosawola gulani kamodzi ndalama ikangofika. Ngati yanu siikwana, sonkhani ndi anzanu awiri kapena atatu, mupikule belo la shuga kapena chigubu cha mafuta cha malita 20, mugawane tsiku lomwelo onse alipo, chifukwa katundu akagona kwa mmodzi pamabuka mkangano. Sopo wa mtanda mumudule, aume sabata imodzi musanachapire, sasungunuka msanga. Masamba ndi tomato gulani chakumadzulo, ogulitsa akamaopa kubwerera nazo kunyumba.