Musanafunse za msonkho, funsani amene anaika bwanayo pampando

Achimwene, mwafunsa kuti geni yotenga katundu ku America kubweretsa kuno imayenda bwanji komanso a kasitomu amawerengera bwanji msonkho. Zogula, zopakira mu kontena ndi zopeza ejenti sinditaya nazo nthawi, zimenezo aliyense amazidziwa. Chimene chimagwetsa anthu mu geni imeneyi ndi munthu mmodzi wogwira chidindo pageti, ndiye musanafunse kuti amadula zingati mudziwe kaye kuti pampandopo anamuikapo ndani.

Ine nyumba yanga inatsala pang'ono kupita chifukwa cha munthu wotereyu. Kontena ya nsapato ndi zikwama zakaunjika, theka la ndalama ndi yakatapila, mapepala onse ali bwinobwino, invoisi yeniyeni osati yophika ayi. Bwana uja anangotola nsapato imodzi, kuitembenuza, kukanda kupansi kwake ndi chikhadabo nkunena kuti izi ndi zatsopano mtengo uwerengedwenso, basi msonkho kukwera mpaka kuposa ndalama imene ndinagulira katunduyo. Ndili pompo ndikuchonderera, thiraki ya mkulu wina wachipani inadutsa osaitsegula ndi loko yomwe, dalaivala akungokukuta chimanga chootcha pawindo. Ndalama yosungira katundu mu yadi ikuwerenga, wakatapila akuimba foni mmawa uliwonse, Khrisimasi imene ndinkathamangira inadutsa katundu ali mu yadi. Nditautulutsa ndinagulitsa motaya koma ngongole ndinabweza yonse mpaka tambala yomaliza, ndipo ena amene ankandiseka nthawi ija lero anasiya geni, ine ndikutsitsabe makontena.

Nkhani imeneyi ndinamufotokozera mwana wanga amene amaphunzira ku New York, iye kunditengera ku Bowling Green kumunsi kwa Manhattan kukandionetsa chinyumba chakale cha kasitomu chimene pano chimatchedwa ndi dzina la Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ku America, ndipo zimene anandiuza kumeneko zinandiwawa ngati ndine amene ndinali ndi sitima padoko. Boma la America litangoyamba mu 1789 linalibe kwina kopezera ndalama, pafupifupi zonse zinkachokera pa katundu wolowa pamadoko. Pulezidenti woyamba George Washington anasaina lamulo la msonkho pa 4 July ndipo pa 31 July anasainanso lina lokhazikitsa maofesi a kasitomu. Wotolera msonkho padoko ndiye ankalandira mndandanda wa katundu kuchokera kwa kaputeni wa sitima, kuwerengera msonkho, kupereka chilolezo chotsitsa, komanso kulemba ntchito anthu oyeza pasikelo, oyeza migolo ya mowa ndi oyendera katundu. Taganizani, ntchito zonsezo zili m'manja mwa munthu mmodzi woikidwa ndi pulezidenti, kodi angalembe wachipani china?

Ndipo malipiro ake ankachokera pa mafizi ndi kagawo ka ndalama zimene watolera. Choipitsitsa, katundu akalandidwa theka linkapita ku boma, theka linalo nkugawana iyeyo ndi akuluakulu anzake apadoko, wokanena naye nkulandirako. Munthu amene akudya nawo pa kulandidwa kwa katundu wanu mukuganiza kuti nsapato yanu aiona yakale? Ndi chifukwa chake ine ndimajambula belo iliyonse isanamangidwe, ndipo inunso muzitero, musamadzandilirire pambuyo.

Pa mipando ya otolera msonkhoyi Washington anaika asilikali anzake a nkhondo ya ufulu, Benjamin Lincoln ku Boston, John Lamb ku New York, Otho Holland Williams ku Baltimore. Lamb ndimamumvera chisoni ndithu, wogwira ntchito pansi pake ndi amene anaba ndalama, iye nkuchoka pa udindo mu 1797, kugulitsa malo ake kuti abweze, kumwalira ali wosauka mu 1800. Koma za padoko la New Haven ndi zimene ndikufuna muzimvetse. Pulezidenti John Adams atatsala pang'ono kuchoka pampando mu 1801 anaikako Elizur Goodrich wachipani chake, Thomas Jefferson atangolowa upulezidenti anamuchotsa nkuika Samuel Bishop, mkulu wa zaka zopitirira 70 amene mwana wake Abraham anali wolankhula kwambiri kumbali ya Jefferson. Amalonda a mumzindawo analemba kalata yodandaula, Jefferson anayankha koma Bishop sanamusunthe. Ndiye inu amene mukuti muli ndi ankolo odziwana ndi akuluakulu, mavoti akatembenuka ankolowo foni yawo siyankhidwanso ndipo bwana watsopano amayambira pa amene ankadutsa ulere. Ine sindinadutsepo pa dzina la munthu, ndimadutsa pa risiti, ndipo ndalama yopanda risiti sindipereka ngakhale andiopseze chotani.

Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi Samuel Swartwout. Pulezidenti Andrew Jackson anamupatsa doko la New York mu 1829 chifukwa anamuthandiza pakampeni, nduna yake Martin Van Buren anachenjeza kuti munthuyu sayenera koma Jackson osamva. Anakhalapo mpaka 1838 nkukwera sitima kupita ku England, poyang'ana mabuku kupeza kuti madola opitirira 1 miliyoni palibe. Ndalama ya nthawi imeneyo achimwene! Thukuta la amalonda amene ankaima pamzere kulipira mokhulupirika, mwina ena anatseka mashopu chifukwa cha msonkho womwewo. Amene analowa m'malo mwake, Jesse Hoyt, munthu wa Van Buren yemwe uja ankachenjeza, nayenso pochoka mabuku ake anapezeka operewera.

Chimodzi chokha ndimawasilira amalonda a nthawi ija, msonkho ukakhala waukulu ankasaina bondi ndi omuimira nkutenga katundu kukagulitsa, kudzalipira patapita miyezi. Ife tilibe mwayi umenewo pa kontena ya kaunjika, ndiye ndalama ya msonkho ikhale pambali sitima isananyamuke, ndi ina yapamwamba yoti mwina akuwerengerani mwatsopano, ndipo isakhale yakatapila. Za mitengo ya mabelo ndi komwe ndimagula musandifunse, zimenezo ndinazivutikira ndekha.