Za nyukiliyasi zija wafunsa pagulupu

Eee mphwanga, funso lako ndalimva, ukuti aphunzitsi angokuuzani kuti nyukiliyasi imalamulira zochitika mu selo koma sukumvetsa kuti imalamulira bwanji. Pepa phokosoli, ndi mvula ikumenya malata kuno ku Luwinga.

Usangoloweza chiganizo chimenecho ayi, nkhani yonse yagona pa DNA, chinthu chimene chimasunga malangizo a mmene selo igwirire ntchito. Mu selo imodzi ya munthu muli makromozomu (timitolo ta DNA) 46, 23 ochokera kwa mayi ako 23 kwa bambo ako, ndipo DNA yonseyo utati uyiwongole imafika pafupifupi mamita 2, koma inakulungidwa pa mapuloteni otchedwa ma histone n'kupindidwapindidwa mpaka kukwana m'kanthu koti maso sangakaone. Ndiye DNA imeneyo situluka mu nyukiliyasi. Zili ngati satifiketi, orijino imakhala m'sutikesi kunyumba, kofunsira ntchito umangopereka fotokope. Selo ya mu pancreas ikafuna kupanga insulin, puloteni yothandiza kuchepetsa shuga m'magazi, kachigawo kokhako ka DNA kamakopedwa kukhala mRNA, ndiyo fotokope ija, mRNA ija n'kutulukira pa timabowo ta pa nuclear membrane, kakhungu kokuta nyukiliyasi, membrane imeneyo ndi yophatikiza ziwiri usaiwale, n'kupita ku ma ribosome komwe puloteniyo imakapangidwa. Kulamulira kuja n'kumeneko. Ma ribosome nawonso amayambira m'kati mwa nyukiliyasi momwemo, pa kachigawo kotchedwa nucleolus.

Zamoyo zonse zimene maselo ake ali ndi nyukiliyasi zimatchedwa eukaryotic, ife anthu, usipa, chimanga, bowa, yisiti wa mandasi, ngakhale kachilombo ka malungo. Mabakiteriya alibe, DNA yawo imangokhala poyera mu cytoplasm, madzimadzi a m'kati mwa selo.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi maselo ofiira a magazi athu. Akamakhwima amataya nyukiliyasi kuti hemoglobini, puloteni yonyamula okosijeni, ipeze malo ambiri, koma chifukwa cha chimenecho sangagawikane, sangapangenso mapuloteni atsopano, pakatha masiku pafupifupi 120 amafa ndipo ena amachokera m'mafuta a m'mafupa. Koma a nkhuku ali nayo nyukiliyasi, ndiye pamayeso uzilemba kuti ukunena za nyama zoyamwitsa.

Chonde ukapemphe aphunzitsi uione wekha nyukiliyasiyo. Senda kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi, ika pa kagalasi ka slide, dontheza ayodini, pa maikulosikopu uona timabokosi tandondozana, kalikonse kali ndi kadontho kodera chakumbali, imeneyo ndiyo nyukiliyasi. Robert Brown anaipatsa dzinali mu 1831 akuyang'ana maselo a maluwa a orchid. Ukajambula mu kope unditumizire ndione, ndipo uwauze amayi ako ndiimba madzulo.