Tifunseni: Damu la pa esiteti lingakhale malo osambirako?

FUNSO: Ndili ndi damu la dothi pa esiteti yanga ku Santhe, m'boma la Kasungu, lomwe tinkathiririra nazale za fodya. Fodya tinasiya. Masiku ano achinyamata amadzasambira Loweruka, ndiye ndikufuna kugula bwato n'kumalipiritsa pachipata. Poti damu ndi langa, kodi sikokwanira kungokhoma chikwangwani chakuti wosambira adziyang'anire yekha? — Bambo a ku Santhe

YANKHO: Sikokwanira, bambo. Malo ndi anu, koma madzi amayang'aniridwa ndi boma potsatira lamulo la Water Resources Act la 2013, ndipo kutchinga mtsinje kumafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Ngati chanu chinali cha ulimi wothirira, kawauzeni kuti ntchito ya damu ikusintha. Kukhonsolo mukatengenso laisensi ya bizinesi. Munthu akamira, khoti lidzafunsa zimene munachita poteteza anthu amene munawalandira ndalama, ndipo chikwangwani chokha sichidzakuyankhirani.

Musanagule bwato, yendani pakhoma la damu. Damu la dothi limagumuka madzi akasefukira pamwamba pa khoma, kapena akaboola njira m'kati mwake. Choncho ngalande yotayira madzi ikhale yolambula mvula ya Disembala isanayambe, popanda bango, zinyalala kapena ukonde wotchingira nsomba. Ena amaunjikamo matumba a mchenga kuti damu lisunge madzi ambiri. Osayerekeza. Damu likadzadza, pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma pazitsala pafupifupi mita imodzi.

Pakhoma pamere kapinga basi. Mtengo ukauma, mizu yake imawola n'kusiya mphako zodutsa madzi, ndipo chiswe chimachita zomwezo, kotero chulu chikangoyamba, kumbani, muphe chiswecho, mubwezere dothi la makande motsindira. Kenako tsikirani kuseri kwa khoma. Kachinyezi kotulutsa madzi oyera kamapezeka pa madamu ambiri, ingoikanipo chikhomo muziona ngati kakukula. Koma madzi akamatuluka amatope, ndiye kuti akukokolola dothi la m'kati mwa khoma. Pamenepo tulutsani anthu, chenjezani a m'midzi ya kumunsi, tsegulani paipi yotsitsira madzi ndipo itanani injiniya tsiku lomwelo.

Osambira asamangolowa paliponse. Sankhani gombe lotsetsereka pang'onopang'ono, kutali ndi khoma ndi paipi, muyeze ndi nsungwi, muchotse zitsa. Pamene madzi afika mita 1.2, mangani chingwe cha zigubu zopanda kanthu kuti chikhale malire. Madzi a m'damu saoneka pansi, matope amagwira miyendo, ndipo wodumphira chamutu pamalo osaya amathyoka khosi. Womira nthawi zambiri safuula, amangophupha kanthawi kochepa n'kubira. N'chifukwa chake pagombe pafunika munthu wodziwa kusambira ndi kutsitsimula womira, amene ntchito yake ndi kuyang'ana pamadzi, osati yemweyo wogulitsa matikiti. Pambali pake pakhale nsungwi ya mamita 4 ndi chigubu cha malita 5 chotseka bwino, chomangirira ku chingwe cha mamita 20, choponyera womira. Kumulumphira wopanda chogwira n'kumene kumabweretsa maliro awiri.

M'bwato aliyense avale jekete loyandamitsa, ndipo chiwerengero cha okwera chilembedwe pabwatopo. Woledzera asalowe m'madzi. Kukayamba kugunda, onse atuluke. Ngati mtsinje wanu umathira mu Bua, muziyendera gombe m'mawa kuona mapazi a ng'ona, makamaka madzi akasefukira.

FUNSO: Mwana wanga amasambira m'damu la munthu kuno ku Kamwendo, ku Mchinji. Tsopano pomaliza kukodza pamatuluka magazi. — Mayi odandaula

YANKHO: Chimenecho ndi chizindikiro cha likodzo, mayi. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha ndipo timalowera pakhungu, ngakhale mwana asamwe madziwo. Mupite naye kuchipatala akamuyeze mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amapereka molingana ndi sikelo kapena kutalika kwa mwana, ndipo amwe atadya. Mankhwalawa sateteza kuti asatengenso, choncho akabwerera m'madzi omwewo adwalanso. Mwini damu mumuuze: azule udzu wa m'gombe momwe nkhono zimabisala, ndipo amange chimbudzi kumtunda, mamita osachepera 30 kuchokera pamadzi.