Maina ena ndi atali ena afupi, kolamu ya tebulo ikhale yotakata bwanji?

Achemwali ena amene akusamala webusayiti ya gulu la anthu amene anaphunzira sukulu imodzi andilembera imelo. Akuti ali ndi tebulo la mamembala, muli dzina, chaka chomwe munthu anamaliza Fomu 4 komanso boma lomwe akukhala. Kolamu ya maina anayipatsa 150px (px ndi ma pixel, muyezo wa kukula kwa zinthu pa sikirini), ndiye maina atali akupindika mpaka mizere itatu, akayikulitsa afupi aja akusiya chimalo chopanda kanthu, pa foni ndiye zikungopanikizana. Funso lawo ndi loti nambala yabwino yoika pamenepo ndi iti.

Achemwali, nambala imeneyo musavutike kuyisaka. Mu CSS, malamulo a maonekedwe a tsamba, kolamu ya maina isiyeni yopanda width, muyezo wa kutakata kwake, mupanikize makolamu enawo, chifukwa amenewo ndi amene mukudziwa kutalika kwake. Chaka nthawi zonse ndi manambala 4. Maboma athu alipo 28 basi ndipo mukuwadziwa onse, kuyambira Dowa mpaka Nkhotakota ndi Chiradzulu. Koma dzina la munthu amene alembetse mawa simungalidziwe, mwina abwera ndi maina atatu kuphatikiza la kwa amuna awo.

Browser payokha imadziwa kale kugawa malo, bola osayisokoneza. Tebulo lililonse likakhala pa table-layout: auto, zomwe zimakhala choncho ngati simunasinthe kanthu, browser imayamba yawerenga timabokosi tonse ta mu kolamu, imaona liwu lalitali kwambiri lomwe silingadulidwe, imaonanso kutalika kwa zonse zikakhala pa mzere umodzi, kenako imagawa malo pakati pa ziwirizi. Ndiye pangani chonchi: tebulo lipatseni width: 100%, timabokosi ta chaka ndi ta boma mutipatse width: 1% ndi white-space: nowrap. Ka 1% ako kasakuopseni, kolamu siyingachepe kuposa zomwe zili mkatimo, imangofinyika mpaka pamene mawu athera, ndipo nowrap uja amaletsa kuti Nkhata Bay asaduke pakati Bay nkugwera pansi. Malo onse otsala amapita ku maina. Osaiwala padding, kampata ka mkati mwa kabokosi, pang'ono kumanja, apo ayi dzina lalitali limagundana ndi chaka.

Ena akuuzani kuti ingowerengani zilembo za dzina lalitali kwambiri muike nambalayo ndi ch, muyezo wina wa mu CSS, mwachitsanzo 30ch. Zimathandiza ndithu kuposa px poti munthu akakulitsa zilembo kolamu nayo imakula, koma dziwani kuti ch ndi kukula kwa nambala 0 mu font yomwe mukugwiritsa ntchito, si kukula kwa chilembo chilichonse ayi. Tayesani kulemba Chimwemwe ndi Limbikani wina pansi pa mnzake mu Arial. Onse ali ndi zilembo 9 koma Chimwemwe atalika kwambiri, chifukwa m ndi w ndi zilembo zonenepa pamene i ndi kamtengo chabe. Maina athu adzadza ndi m ndi w, ndiye mukawerenga zilembo onjezerani malo.

Pali chinthu chimodzi chokha chomwe ndikupemphani musachite, ndipo ichi ndimachimva kuwawa ndikachiona. Mukasaka pa intaneti mupeza malangizo ambiri oti ikani overflow: hidden ndi text-overflow: ellipsis, dzina likatalika lizidulidwa nkutsala timadontho titatu. Tebulo limaoneka laudongo zedi, sindikukana. Koma ku gulu ngati lanulo a Banda alipo angati, a Phiri angati? Chikumbutso awiri akadulidwa pamalo amodzi simudziwanso kuti uyu ndi uti, ndipo mbali imene imadulidwayo ndi ya kumapeto, dzina la makolo, lomwe munthu amadziwika nalo kwawo. Ena amati aika title kuti dzina lonse lizioneka ukalozapo ndi mouse, nanga pa foni mouse ilipo? Anthu anu ambiri atsegula tsambali pa foni kuchokera pa link ya pa WhatsApp. Dzina kupindikira mzere wachiwiri si vuto, munthu amaliwerenga lonse bwinobwino, ndipo browser imadula pa mpata kapena pa hyphen, malo oyenera.

Table-layout: fixed nayo ili ndi ntchito yake. Imeneyi siwerenga tebulo lonse, imangotenga ma width a pa col, tagi ya HTML yoimira kolamu, kapena a mzere woyamba nkumapitirira, ndiye imafulumira pa tebulo la mizere yambirimbiri, komanso ngati mndandanda mwaugawa masamba angapo makolamu sadumphadumpha munthu akamapita tsamba lina. Kuti igwire ntchito tebulo liyenera kukhala ndi width yake. Vuto lake liwu lalitali limasefukira mu kolamu ya pafupi, ndiye muyenera kuwonjezera overflow-wrap: break-word, yomwe imadula liwu likalephera kukwana. Chenjerani ndi mnzake uja overflow-wrap: anywhere mukakhala pa auto, ameneyo amauza browser kuti ingathe kudula paliponse, malo akachepa mutha kupeza kolamu yafinyika dzina likutsika zilembo ziwiriziwiri. Kwa anthu mazana ochepa ngati anuwo ine ndingakhale pa auto.

Zogawa dzina loyamba ndi la bambo m'makolamu awiri, pa sikirini yaing'ono zimadya malo ambiri poti kolamu iliyonse imatsatira dzina lake lalitali. Mu database asungeni padera ngati mukufuna kusanja ndi dzina la bambo, koma poonetsa aphatikizeni.

Za foni, mafoni ambiri a Android amakhala pafupifupi 360px m'lifupi, makolamu atatu anuwo akwana. Mukadzaonjezera ena monga ntchito kapena nambala ya membala, tebulo mulikulunge mu div, bokosi la HTML, ya overflow-x: auto kuti lizisuntha lokha cham'mbali tsamba lonse lili phee, kapena ndi media query, lamulo la CSS lotengera kukula kwa sikirini, boma mulitsitse pansi pa dzina ndi zilembo zazing'ono. Onaninso kuti pamwamba pa HTML yanu pali meta viewport, yomwe imathandiza tsamba kukwana pa sikirini ya foni, ndi charset ya UTF-8, yomwe imauza browser momwe iwerengere zilembo, kuti amene amalemba dzina lawo ndi ŵ asatulukire tizilembo tachilendo. Mukamaliza ikani dala dzina lalitali la maina anayi pa mzere umodzi ndi lalifupi pa wotsatira, mutsegule pa foni yaing'ono kwambiri yomwe mungabwereke, mukulitsenso zilembo ngati momwe akuluakulu amachitira, muone ngati onse awiri akuwerengeka.