Musathamangire kugula kamera ya full frame

Achimwene, mwafunsa ngati kamera ya full frame (ya sensor yaikulu) imachititsa chimbuuzi chambiri kumbuyo kwa munthu pa chithunzi. Inde, sensor (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) ikakhala yaikulu imachititsa kuti kumbuyo kwa munthu kuoneke mwachimbuuzi kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti mumayenera kuyandikira kapena kuika lenzi yaitali kuti munthuyo adzaze chithunzi, ndiye malo ooneka bwino amachepa. Lenzi ya 50mm f/1.8 (nambala ya f ikachepa, bowo lolowetsa kuwala limakula ndipo chimbuuzi chimachuluka) pa Nikon ya APS-C (ya sensor yocheperapo) imatulutsa pafupifupi zomwe 75mm f/2.7 ingatulutse pa full frame. Kusiyana kulipo, koma sikokwana kuthera ndalama zanu.

Ine pa maukwati ndimangomuimika mkwatibwi patali ndi khoma, ndiyandikire, kumbuyo konse mbuu. Pojambula gulu samalani, f/1.8 idzakusiyirani a mzere wakumbuyo osaoneka nkhope. Ngati focus ya kamera yanu ikuphonyabe maso (sakuoneka bwino) ngakhale pa f/5.6, pitani nayo kwa katswiri wokonza makamera.