Bwalo la masewero la m'boma mwathu mwini wake ndani?

Bambo wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti amaphunzitsa mpira anyamata a m'dera lawo, ndipo bwalo la pa boma pawo kapinga adauma, zimbudzi zidatsekedwa, koma Loweruka lililonse pamakhala mpira, msonkhano wa mpingo kapena oimba, ndipo anthu amalipira pakhomo. Funso lawo ndi lakuti: amalamulira bwaloli ndani, nanga ndalamazo zimapita kuti?

Bambo, choyamba dziwani kuti mabwalo athu eni ake ndi osiyana. Kamuzu Stadium ku Blantyre ndi Bingu National Stadium ku Lilongwe, yomwe idatsegulidwa mu 2017, ali m'manja mwa boma kudzera ku unduna wa zamasewero. Silver Stadium ndi ya Reserve Bank. Koma mabwalo ngati a ku Mzuzu ndi ku Karonga ndi a makhonsolo, ndipo lanulo, monga mwafotokozera, lili m'gulu limeneli.

Mphamvu za khonsolo zimachokera ku lamulo la maboma aang'ono la 1998. Limalola khonsolo kukhala ndi katundu, kulipiritsa anthu omwe akuugwiritsa ntchito, ndi kupanga malamulo ake aang'ono, omwe nduna imayenera kuvomereza. Oponya voti pa bajeti ndi makhansala; mafumu amakhala nawo ndi kuyankhula, koma savota. Ntchito za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi a DC, kapena mkulu wa khonsolo ngati ndi mumzinda. Bungwe la FAM, loyendetsa mpira m'dziko muno, si mwini bwalo ayi. Ilo limangoyendera, ndipo likapeza kuti bwalo silili bwino limaletsa masewero a ligi kuchitikirapo.

Pa ndalama m'pamene mtima wanga umawawa. Pa masewero a ligi mwini bwalo amalandira gawo lake pa zolowera pakhomo, ndipo a mpingo kapena oimba amalipira lendi. Zonsezi ndi ndalama za khonsolo, chimodzimodzi ziphaso za mumsika. Khonsolo ili ndi ngongole ya magetsi, antchito akudikira malipiro, galimoto yotola zinyalala ikufuna mafuta. Ngati palibe woimirira kunena kuti gawo lakuti libwerere ku bwalo, kapinga amakhala womalizira kukumbukiridwa. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala opanda makhansala. Zaka zimenezo zidatizoloweza kuona katundu wa khonsolo ngati wa ku ofesi, osati wathu, ndipo ine ndikuona kuti chizolowezicho sichidatheretu.

Ndiye musataye nthawi kukangana ndi mlonda wa pageti, alibe mphamvu iliyonse. Pitani kwa khansala wa wodi yanu, ndipo musapite nokha. Tengani makolo a anyamatawo, a komiti ya mpira ya m'boma, ngakhale a kwaya omwe amabwereka bwalolo. Mutu umodzi susenza denga. Pemphani kuti nkhaniyi ikalowe ku komiti ya zachuma bajeti isanadutse, ndipo tsiku la msonkhano wa khonsolo yonse mukakhale kumbuyo n'kumamvetsera, chifukwa anthu wamba amaloledwa.

Lembaninso kalata kwa a DC yopempha kuti akuuzeni ndalama zomwe bwalo lidabweretsa chaka chatha ndi zomwe zidagwiritsidwa ntchito polikonza. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho si chifundo chomwe mukupempha. Mulembe makalata awiri ofanana: imodzi musiye ku ofesi, inayo akudindireni chidindo mubwerere nayo kunyumba.