Tijambule kaye kapena tiyimbe kaye? Yankho kwa anyamata a magitala a ku Chilenje

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chilenje. Akuti alipo asanu: awiri a magitala, wina wa bezi, wina wa ng'oma, ndi mchemwali wake wa mmodzi mwa iwo amene amatsogolera nyimbo. Anadziwana kutchalitchi, ndipo tsopano akufuna bandi yawoyawo ya pop rock, yopanda kampani kapena bwana woilamulira. Asonkherana kandalama. Funso lake lili pawiri: kodi athamangire ku situdiyo akajambule nyimbo zitatu zimene ali nazo, kapena adikire? Nanga mu Lusaka wa lero, momwe aliyense akuvina amapiano ndi nyimbo zophikidwa pa kompyuta, alipo amene angatchere khutu kwa gitala?

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Ndifotokoza chifukwa chake, koma ndiyambe ndi funso lachiwirilo, poti ndi limene likukusowetsani tulo.

Gitala yamagetsi si mlendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi rock yakeyake imene lero dziko lonse limaitcha Zamrock. Ku Kitwe kunali bandi ya WITCH, yotsogozedwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, komanso Amanaz, amene chimbale chawo chotchedwa Africa chinatuluka mu 1975. Kunali Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Kuno kwathu ku Lusaka kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, woyimba za moyo wa m'komboni m'Chingerezi ndi m'chinenero chathu chomwechi. Chapakati pa zaka zimenezo boma la a Kenneth Kaunda linalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo mabandi anapeza pogulitsira. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, anthu anasowa ndalama za zimbale ndi zolowera pakhomo, malamulo oletsa kuyenda usiku anatseka madansi, disko inalowa, kalindula inatenga malo, ndipo edzi inadzatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakathera kokumba miyala yamtengo wapatali. Patapita zaka zambiri kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso zimbale zakalezo, WITCH inadzukanso n'kuyamba kuyenda m'mayiko akunja, mpaka mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano, Zango.

Kodi azungu amene akusakasaka zimbale zimenezi lero akufunamo chiyani? Rock ya ku London ndi ya ku America ali nayo kale yambirimbiri kwawo. Chimene akufuna ndi chija chimene anyamata aja sanathe kuchibisa ngakhale ankatsanzira Jimi Hendrix ndi Rolling Stones: kagundidwe ka ng'oma, kayendedwe ka bezi, kapindidwe ka mawu. Zala zinali pa gitala ya kunja koma mapazi anali kuno. Ndiye inde, omvera alipo. Si ochuluka ngati a amapiano, ndipo mawailesi sakuthamangirani. Koma amene amakonda bandi yoyimba pamaso pawo amakhala okhulupirika, amabweranso, amabweretsa anzawo.

Tsopano za situdiyo. Nyimbo zanu zitatuzo sindinazimve, koma ndikudziwa kuti sizinapse. Mwalemba kuti mwayeseza limodzi miyezi iwiri yokha, ndipo simunayimbepo pamaso pa anthu kupatula kutchalitchi. Kutchalitchi anthu amakukondani musanayambe n'komwe. Mukaphonya, mayi wa kwaya amangokweza mawu n'kukuphimbani, mpingo n'kuwomba m'manja. Kumeneko mwaphunzira zambiri, makamaka kumva kiyi ndi kutsatira wotsogolera, ndipo musazipeputse, pakuti oyimba ambiri abwino a mu Lusaka anakulira mmenemo. Koma simunaonepo munthu akutembenuka n'kukupatsani msana pakati pa nyimbo yanu. Nyimbo imene sinakumane ndi msana wa munthu musaiwonongere ndalama.

Pa kuyeseza ndikhalitsapo, chifukwa bandi imabadwira pamenepa. Ng'oma, bezi ndi gitala yogunda makodi (nsambo zingapo zolira pamodzi) ndiwo mafuwa atatu, woyimba ndiye mphika. Fuwa limodzi likapendekeka, ngakhale mchemwali wanuyo akhale ndi mawu a mngelo, zonse zitayika. Choncho theka la ola loyamba lizikhala la wa ng'oma ndi wa bezi okha. Enanu khalani pansi, magitala pamiyendo, osakhudza nsambo. Awiriwo abwereze kagawo kamodzi mpaka phazi la wa ng'oma ndi chala cha wa bezi zizigwera pamodzi osayang'anana. N'zotopetsa, ndipo wa gitala yotsogola adzayamba kukanda foni. Musiyeni akande.

Kenaka a magitala awirinu. Matenda a mabandi atsopano ndi akuti nonse mumagunda kodi imodzi, pamalo amodzi, nthawi imodzi, aliyense akukweza ampu yake, chokuzira mawu a gitala, kuti amveke kuposa mnzake. Chimene chimatuluka ndi phokoso lokhalokha, woyimba n'kumakuwa mpaka mawu kusasa. Mmodzi agwire makodi mmunsi, winayo akwere chapamwamba azingoponya timawu tiwiri titatu pamene woyimba akupuma. Pa vesi wina akhoza kungokhala chete osagunda kalikonse, kuti kolasi ikafika, kulowa kwake kumveke ngati chinthu. Ikani foni pampando pakati pa chipinda, mujambule pulakatisi yonse, ndipo mumvere mawa lake aliyense payekha, ali mu minibasi kapena akuchapa. Foni siinama ndipo ilibe chibale. Mudzamva kuti kolasi ikafika mumathamanga, ndiponso kuti nyimbo ina ili pamwamba kwambiri kwa mchemwali wanu. Itsitseni kiyi, musamuphe mwana wa eni chifukwa choti kodi ya E ndiyo yosavuta kwa inu.

Magetsi akazima musabalalike. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba tonse tinaona masiku amene magetsi ankabwera maola ochepa okha, nthawi zina pakati pa usiku. Khalani ndi gitala imodzi yosalira magetsi, wa ng'oma agunde pa katoni kapena pantchafu. Nyimbo imene ikukoma chonchi ndi nyimbo ndithu. Imene ikufuna ampu ndi zokometsera kuti imveke, ibwezereni kwa amene anaipeka akaikonzenso.

Mukatha miyezi ingapo, tulukani. Yimbani paliponse pamene akulolani: phwando la tsiku lobadwa ku Kabwata, ukwati ku Matero, kitchen party ya azakhali, malo odyera amene amalola oyimba madzulo a pakati pa sabata. Alliance Française, malo a chinenero ndi chikhalidwe cha Chifalansa mu Lusaka muno, imakhalanso ndi madzulo a nyimbo, ndipo ndi bwino kumapita ngakhale kukangoonera, mudziwane ndi anzanu. Ku ukwati sakufunani chifukwa cha nyimbo zanu, akufuna zimene amazidziwa, ndiye phunzirani za eni zokwanira, kalindula ndi rumba zomwe. Ena amaona ngati kutero n'kudzitsitsa. Ine ndimati ndi sukulu imene imakulipirani. Wa bezi amene waphunzira kuyendetsa kalindula usiku wonse sadzagundanso mawu amodzi okhaokha ngati akukhoma msomali. Pakati pa nyimbo za enizo lowetsanimo yanu imodzi osalengeza, ndipo mmodzi wa inu aziyang'ana anthu. Kodi amayi aja anasiya kucheza? Kodi achinyamata anapita kukagula zakumwa vesi yachiwiri itayamba? Ngati anapita, vesiyo ndi yaitali kapena ilibe nkhani. Kaiduleni.

Mwanena kuti nyimbo zanu zonse ndi za m'Chingerezi chifukwa pop rock "imamveka bwino choncho". Sindikuletsani, a Zamrock ambiri ankayimba m'Chingerezi. Koma yesani imodzi m'chinenero chimene mumakangana nacho ndi kondakitala, chimene mumafunsira nacho mbeta. Mudzaona kuti mawu athu ali ndi kagwedwe kawo, amakana kulowa m'kagundidwe kamene munakopera pa YouTube, ndipo wa ng'oma adzakakamizika kusintha kuti awapatse malo. Kusintha kumeneko ndiko kudzakhale kamvekedwe kanu. Sikabwera pokhala pansi n'kupangana kuti tiyeni tisakanize rock ndi za makolo. Zopangana choncho zimamveka zokakamiza, ng'oma yachikuda itangoikidwa pamwamba kuti alendo aone.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma imapha mabandi ambiri kuposa kusowa luso. Lero muli pa chibale chifukwa palibe chogawana. Tsiku limene mudzalandire ndalama yooneka, wina adzakumbukira kuti masipika ndi ake, wina kuti nyimbo anapeka ndi iye, wina kuti ndiye anapeza ntchitoyo. Khalani pansi panopa, mulembe papepala, aliyense asayine: ndalama ya pa siteji igawidwa bwanji mutachotsa ya galimoto ndi yobwereka zida, gawo lotani lizitsala m'thumba la gulu, nyimbo iliyonse ndi ya yani ndipo ena ali ndi gawo lanji, ndiponso dzina la bandi litsala ndi ndani wina akachoka. Ndalama ya gulu isamakhale pa Airtel Money kapena MoMo ya munthu mmodzi popanda kabuku koti onse aziona. Nyimbo zikajambulidwa, kazilembetseni ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama za eni nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo a anthu ambiri. Dzina la bandi mukhoza kulilembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani ndi mabizinesi, ngati dzina la bizinesi. Ndipo chonde, zida za tchalitchi musazitengere ku bala mobisa. Abusa adzamva ndithu, Lusaka ndi wamng'ono.

Nanga situdiyo liti? Pamene muli ndi nyimbo zanuzanu zokwana khumi kapena kuposerapo, mwaziyimba pamaso pa anthu osakudziwani, ndipo pali ziwiri zimene anthu amayimba nanu kolasi kapena kufunsa kuti ija ndi ya ndani. Jambulani ziwirizo basi. Posankha situdiyo funsani funso limodzi musanakambe za mtengo: kodi amajambula ng'oma zenizeni? Masitudiyo ambiri m'tauni muno ndi kachipinda, kompyuta ndi maiki imodzi, ndipo ntchito yawo amaidziwa, koma ndi ya woyimba mmodzi pa biti. Wojambula wotero adzakuuzani mokoma kuti ng'oma tipanga pa kompyuta, n'zachangu. Mukavomera, wa ng'oma wanu watsala panja, ndipo miyezi yonse ija ya iye ndi wa bezi yapita pachabe. Pemphani akumvetseni bandi ina imene anaijambulapo. Wa ng'oma ayambiretu kuyeseza ndi metronome ya pa foni, kaja kogunda nthawi mofanana kuti woyimba asathamange kapena kuchedwa, chifukwa mu situdiyo mumalipira nthawi, ndipo si malo ophunzirira. Nsambo zatsopano muike masiku angapo tsikulo lisanafike kuti zikhazikike.

Zikatuluka, ziikeni pa YouTube, Audiomack ndi Boomplay, koma musayembekezere ndalama ya lendi kuchokera kumeneko. Ntchito ya nyimbo ziwirizo ndi yoti mwini malo kapena wokonza ukwati akafunsa kuti mumayimba zotani, mumutumizire pa WhatsApp nthawi yomweyo. Kavidiyo ka pa foni koonetsa anthu akuvina pamene inu mukuyimba kamagwiranso ntchito yomweyo, mwina kuposa.

Pakadali pano nditumizireni zimene foni ija ijambule pa pulakatisi ya Loweruka likubwerali, zosakonza, ndi zophonya zake zomwe. Ndikufuna ndimve wa bezi wanuyo.